Kukweza boost ndi manja pa galimoto yokhala kunyanja

Kachipangizo kotchedwa manual boost controller, kokwezera boost, kutanthauza pulesha ya mpweya umene turbo imapanikizira mu injini, n'kakang'ono, kamakwana m'dzanja, ndipo mkati mwake mulibe zambiri: kampira kachitsulo ngati ka mu habu ya njinga, sipuling'i, ndi bawuti yopanira sipuling'iyo. Kukamanga pa galimoto sikutha ola. Kuchepa kwakeko ndi kumene kumapusitsa anthu, chifukwa kamalowerera pa chinthu chimene chimaletsa injini ya turbo kudzidya yokha. Kuno ku Salima nkhaniyi imakula kuposa kumtunda. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 35, mpweya wa kunyanja ndi wolemera, ndipo aliyense wopita ku Lilongwe amakumana ndi zitunda za ku Mvera injini itatentha kale.

Turbo imazunguzidwa ndi utsi. Ikathamanga imapanikizira mpweya wambiri mu injini, injini imatulutsa utsi wochuluka, utsiwo umathamangitsanso turbo. Popanda choletsa, zimenezi zimangokwera mpaka china chithyoke. Choletsacho ndi kachitseko kotchedwa wastegate, kamene kakatseguka utsi wina umalambalala turbo. Kachitsekoka kamakankhidwa ndi kandodo kochokera ku actuator, kachitini kaja kamene kamakhala pambali pa turbo, mkati muli rabara yopyapyala ndi sipuling'i. Kapaipi kochokera ku mbali yozizira ya turbo, imene imapanikiza mpweya, kamabweretsa mpweya mu kachitinika. Pulesha ikaposa mphamvu ya sipuling'i, kandodo kamatuluka, chitseko chimatseguka, boost imaima pomwepo. Pa magalimoto ambiri sipuling'iyi imagonja pakati pa 0.4 ndi 0.7 bar (bar ndi muyeso wa pulesha).

Controller imakhala pakati pa kapaipi kameneka n'kumabisira actuator pulesha yeniyeni. Ntchito yake ndi yokhayo. Siwonjezera mafuta, sisintha nthawi imene mapulagi amayakira, siziziritsa mpweya. Komanso siingatsitse boost kuchepera pa mphamvu ya sipuling'i ya actuator, choncho amene galimoto yake ikukwera kale boost mopitirira asaganize kuti kachipangizoka kamuchiza.

Pali mitundu iwiri. Wa kampira ndi sipuling'i umatseka njira kotheratu mpaka pulesha itakankha kampirako, ndiye boost imabwera msanga ndiponso mwamphamvu. Mtundu winawo umangotaya mpweya wina panja kudzera pa kavalavu kosongoka, actuator n'kumalandira wotsala. Umenewu ndi wofatsa koma wochedwa, ndipo umafuna kachitsulo ka bowo laling'ono mkati mwa paipi kuti mpweya uzilowa moyezera. Zimene zili m'munsimu ndi za wa kampira, chifukwa ndi umene umapezeka kwambiri.

Si turbo iliyonse imalola

Musanagule, tsegulani boneti muone chimene chimayendetsa turbo yanu. Ngati pali kachitini kolandira mpweya wopanikizika kuchokera ku turbo, zitheka. Ndi mmene ziliri pa Hilux Surf ndi Prado za injini ya 1KZ-TE, pa 2L-TE, pa Pajero ya 4D56 yakale ndi 4M40, Isuzu ya 4JB1-T, Nissan ya TD27T, Subaru za EJ20, Starlet ya 4E-FTE ndi Caldina ya 3S-GTE. Koma Hilux ya 1KD-FTV ili ndi timapiko tosuntha mkati mwa turbo toyendetsedwa ndi kamota ka magetsi, palibe paipi yoti muduleko. Madizilo ambiri a Volkswagen otchedwa TDI amakoka actuator ndi vacuum m'malo moikankha ndi pulesha. Pa amenewa kachipangizoka sikagwira ntchito, ndipo kukakamiza n'kuwononga turbo yodula.

Chinanso, galimoto ikhale yabwinobwino. Ngati imawira pa chitunda, imadya oyilo, kilatchi imatereka kapena fyuluta ya mafuta simukudziwa kuti inasinthidwa liti, konzani zimenezo kaye. Boost imakulitsa vuto lililonse limene lilipo kale. Pa 2L-TE ndi 1KZ-TE, zimene zimadziwika ndi kung'aluka mutu wa injini zikatentha, radiator ndi fan zikhale zoyamba kuona.

Geji iyambe ndiyo

Sindingalangize munthu kumanga controller pa galimoto yopanda geji ya boost. Khutu ndi msana sizingakuuzeni kusiyana kwa 0.8 ndi 1.2 bar, koma mapisitoni amakumva. Geji imatenga mpweya ku intake manifold, mapaipi ogawira mpweya mu injini, kuseri kwa throttle, chivalavu chimene chimatseguka mukaponda moto. Musadule paipi yaikulu ya booster ya mabuleki. Pezani kapaipi kakang'ono, ikani T, dutsitsani paipi ya geji pa rabara imene pamadutsa mawaya kulowa mkati, osati pa chitsulo chakuthwa. Pa injini ya petulo yotentha bwino, ikungolira osapondedwa, muvi uyenera kukhala cha pa -0.6 kapena -0.7 bar. Pa dizilo yopanda throttle umakhala pafupi ndi 0, ndipo si vuto. Ngati geji yanu ndi ya psi, 1 bar ndi 14.5 psi. Ya ku Japan yolembedwa kg/cm² muiwerenge ngati bar, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri.

Yendani masiku angapo ndi geji yokha. Lembani pamene boost imafika mu giya 3, ndi pamene imatsikira injini ikakwera ma rpm. Nambala imeneyi ndiyo poyambira panu, osati imene munamva kwa mnzanu wa galimoto yofanana.

Kenako yesani actuator. Zulani kapaipi kake, lumikizani pampu ya njinga yokhala ndi geji, pompani pang'onopang'ono osapitirira 1 bar. Kandodo kayenera kuyamba kuyenda pulesha ikafika pa mphamvu ya sipuling'i, kayende mosalala, ndipo mukasiya kupompa kaime pomwepo. Kakamabwerera kokha, rabara ya mkati yabooka. Kakamayenda modukizadukiza, chitseko chagwira dzimbiri, zimene sizachilendo pa magalimoto okhala ku Senga Bay kapena ku Chipoka kumene chinyontho sichitha. Onaninso kuti kandodoka n'kokoka: pokakoleka pa chitseko kayenera kukokedwa mamilimita 2 kapena 3. Kakamangolowa popanda kukoka, chitseko sichitsekeka bwino ndipo boost imachedwa.

Kamangidwe

Zofunika ndi controller, mita imodzi ya paipi ya silicone ya bowo la mamilimita 4 kapena 6 malinga ndi timilomo ta pa turbo yanu, timakilampu kapena ma cable tie, tizitsekero tarabara tiwiri kapena titatu, pulayala ndi mpeni wakuthwa. Musagwiritse paipi ya madzi otsukira galasi kapena ya dripu ya kuchipatala. Zimafewa ndi kutentha n'kuvuka, ndipo kuvuka kwa paipi imeneyi ndi ngozi yaikulu pa ntchito yonseyi. Dikirani injini izizire, jambulani mapaipi ndi foni musanazule kalikonse.

Pa galimoto yopanda solenoid (kavalavu ka magetsi kamene kompyuta imayendetsera boost), monga dizilo zakale zambiri, pali paipi imodzi yochoka ku turbo kupita ku actuator. Ichotseni. Dulani zidutswa ziwiri zatsopano. Chimodzi chichoke pa kamlomo ka turbo kupita polowera pa controller, china chichoke potulukira kupita ku actuator. Polowera ndi mbali imene kampira kamakhalira, nthawi zambiri pansi moyang'anana ndi bawuti. Potulukira ndi m'mbali, kumene kulinso kabowo kakang'ono ngati ka singano. Ngati palibe muvi wolembedwa, masulani bawuti n'kuuzira ndi pakamwa: mbali imene mpweya ukudutsa ndiyo polowera, imene yatseka, kungotuluka kampweya pa kabowo kaja, ndiyo ya ku actuator. Mukatembenuza, kampira kamasanduka chitsekero, actuator silandira kanthu, ndipo boost imakwera popanda malire.

Kabowo kaja musakatseke poganiza kuti kakudontha. Kampira kakabwerera pamalo pake, mpweya umene uli mu actuator umatulukira pamenepo kuti chitseko chitsekeke.

Mapaipi onse awiri akhale aafupi, ngati n'kotheka osapitirira masentimita 30 onse pamodzi. Paipi yaitali imachedwetsa uthenga, ndipo pamene actuator ikuti idziwe, boost yadumpha kale. N'chifukwa chake zoika controller mkati mwa galimoto kuti muzipotokola mukuyendetsa sindizikonda. Imangeni pa thupi la galimoto kapena pa bulaketi, kutali ndi manifold ya utsi, pamalo pamene dzanja lingafike osapsa. Mapeto a paipi aliwonse amangidwe ndi kilampu. Onse anayi.

Mpweya wa controller utengedwe ku turbo kapena pa paipi yaikulu throttle isanafike, osati pomwe mwatenga wa geji. Kuseri kwa throttle pulesha imakhala yochepa mukaponda theka, ndiye actuator imaona ngati zonse zili bwino pamene turbo ikudzipha kukankha throttle imene siinatseguke yonse.

Pa galimoto ya solenoid, monga Subaru, Caldina kapena Volkswagen ya 1.8T imene yake imatchedwa N75, zulani mapaipi ake koma pulagi ya magetsi isiyeni ili chilumikizire, apo ayi kompyuta iyatsa nyali. Solenoid imakhala ndi paipi yobwezera mpweya ku paipi yaikulu yolowa mu turbo. Kamlomo kotsala pamenepo katsekeni ndi chitsekero chomangidwa bwino. Kakatsala poyera, fumbi la m'misewu ya kwa Khombedza limalowa molunjika mu turbo osadutsa pa fyuluta, ndipo injini imalandira mpweya umene sensa sinauwerenge. Paipi yakale ya Subaru ili ndi kachitsulo ka bowo laling'ono mkati, musaigwiritsenso ntchito ndi controller ya kampira chifukwa imadumphitsa boost. Ma actuator a Toyota ena, monga a pa 4E-FTE ndi 3S-GTE, ali ndi timilomo tiwiri. Kachiwiri katsekedwe, chifukwa kakakhala potseguka mpweya umangodutsa osakankha kanthu.

Kutchuna

Masulani bawuti mpaka sipuling'i ingokhudza kampira. Tenthetsani injini. Mukhale anthu awiri, wina maso pa msewu, wina pa geji. Sankhani msewu woongoka wopanda anthu, kutali ndi malo a malonda. Pa Kamuzu Road, pa Kaphatenga kapena pa msewu wa ku Senga Bay, kumene kabaza, ana asukulu ndi mbuzi zimadutsa nthawi iliyonse, si poyesera galimoto. Kuyesa sikufuna liwiro lalikulu, kumafuna katundu pa injini, ndiye chitunda chachitali mu giya 3 n'chabwino kuposa chigwa mu giya 5.

Yambani cha pa 2,000 rpm, pondani moto mpaka pansi. Ulendo woyamba boost iyenera kufanana ndi ya sipuling'i ya actuator, kapena kupitirira pang'ono. Pa galimoto imene inali ndi solenoid idzakhala yotsika kuposa kale, ndipo zimenezo n'zoyenera. Muvi ukangopitirira nambala imene munalemba ija n'kumakwerabe, chotsani phazi nthawi yomweyo, mwatembenuza controller kapena paipi yavuka. Zikakhala bwino, imani, mangani bawuti theka la mzungulo, yesaninso. Mukayandikira pomwe mukufuna, muzipotokola kota yokha, chifukwa sipuling'i ikapanika, mzungulo womwewo umakweza boost yambiri kuposa poyamba. Mukamaliza mangani nati yotsekera, ikani kadontho ka penti pa bawuti kuti ikasuntha mudziwe.

Mpaka pati? Pa injini ya petulo imene kompyuta yake sinakhudzidwe, kuwonjezera 0.15 kapena 0.2 bar pamwamba pa ya kufakitale ndi malire anzeru, ndipo nthawi yotentha ndi bwino kutsika pamenepo. Magalimoto a turbo ochokera ku Japan ambiri anakonzedwera petulo wa octane yapamwamba, wosaphulika yekha msanga akapanikizika, cha m'ma 98 mpaka 100. Nthawi ya kusowa mafuta, pamene munthu amathira wa m'zigubu wosadziwika chimene chasakanizidwamo, bwezerani bawuti pansi mpaka thankiyo ithe.

Tsopano za kunyanja kuno, zimene wotchunira kumtunda saziganizira. Salima ili pa mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe kupitirira pang'ono 1,000, Dedza cha pa 1,600. Mpweya wa panja umalemera pafupifupi 0.95 bar kuno, 0.89 ku Lilongwe, ndi 0.83 ku Dedza. Geji ndi controller zimangoona zimene turbo yawonjezera pamwamba pa mpweya wa panjawo, koma sensa ya MAP, imene imauza kompyuta pulesha ya mu manifold, ndi injini zimaona zonse pamodzi. Galimoto yotchunidwa 0.8 bar ku Lilongwe imalandira 1.69. Ikatsetsereka kufika kuno, geji ikuonetsabe 0.8, injini ikulandira 1.75. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti galimoto imene inali bwinobwino mu mzinda iyambe kudula mafuta pa msewu wa ku Nkhotakota, mwini wake n'kumanamizira pampu. Kutentha kumawonjezera. Mpweya wa madigiri 35 ukapanikizidwa kufika 0.8 bar umatuluka mu turbo utapitirira madigiri 110, ndipo intercooler (choziziritsira mpweya wochokera mu turbo) ya pamwamba pa injini imene yaima padzuwa siuziziritsa mokwanira. Choncho galimoto ya kuno itchunidwe kuno, iyesedwe masana kukutentha kuti mumve ngati ikugogoda, iyesedwenso m'mawa kukuzizira kuti muone pamene muvi ukudumphira. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, boost imakwera yokha pang'ono, ndiye muionenso.

Pamene zikuvuta

Kugogoda ndiko koopsa kuposa zonse. Kumamveka ngati timiyala m'chitini mukaponda moto, ndipo ndi petulo amene akuphulika yekha m'malo mopsa bwino. Kumathyola timipanda ta pakati pa ma ring a pisitoni m'masekondi ochepa. Kukamveka kamodzi kokha, tsitsani boost. Amene akufuna kudziwa zenizeni aike pa ekizozi geji ya wideband, imene imayeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta. Poyenda wamba imawerenga 14.7, koma pa boost yonse iyenera kutsika pakati pa 11 ndi 12. Ikamaonetsa 13 kapena kupitirira, mafuta akuchepa, ndipo kawirikawiri ndi fyuluta yotsekeka kapena pampu yotopa.

Pali vuto lina lobisika la controller ya kampira. Imapereka boost yonse ngakhale phazi lili theka, pamene kompyuta ikuganizabe kuti mukuyenda mofatsa ndipo ikusunga 14.7. Zimachitika pokwera chitunda chachitali mu giya yapamwamba, ma rpm ali pansi, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a mpunga. Njira yake ndi kutsitsa giya, injini izungulire momasuka, muvi utsike.

Galimoto ikamakoka bwino kenako n'kudzidzimuka ngati yagunda khoma, ndi kompyuta imene yadula mafuta poona boost yapitirira malire ake. Pa Starlet ya 4E-FTE malirewa ali pafupi ndi 0.8 bar. Pa magalimoto olumikizika ku makina oyezera mudzapeza nambala P0234. Alipo amene amaika kachipangizo konamiza sensa kuti kudulako kuthe. Kumeneko n'kuchotsa mlonda womaliza, ndipo pa injini imene imawerengera mafuta kuchokera ku sensa yomweyo, kumachepetsanso mafuta pa nthawi imene akufunika kwambiri. Masulani bawuti basi.

Kuphonya moto pa boost, injini kumachita ngati ikutsokomola, kawirikawiri ndi mapulagi. Mpweya wopanikizika umavuta kuti moto udumphe. Chepetsani mpata wa pulagi ufike 0.7 mm, ndipo ngati n'kofunika tengani yozizirirapo. Pa NGK nambala yaikulu ndiyo yozizira, kuchoka pa 6 kupita pa 7.

Muvi ukamadumpha pamwamba kwa kanthawi n'kubwerera, kudumpha kwa 0.1 bar n'kozolowereka, koma kopitirira apo fupikitsani mapaipi, onani ngati m'paipi mwatsala kachitsulo ka bowo laling'ono kaja kapena paipi yapindika. Ukamakwera pang'onopang'ono ma rpm akamakwera, osaima, vuto si controller. Bowo la wastegate lachepa, silikutha kutaya utsi wonse, ndipo zimaoneka kwambiri munthu akaika ekizozi yaikulu yopanda zotchinga. Kuti mutsimikize, lumikizani turbo ndi actuator molunjika. Zikapitirira, mankhwala ake ndi kukulitsa bowolo kapena kubwezera ekizozi yakale. Ukamatsika cha kumapeto, turbo yaing'ono yatopa, ndipo kumanga bawuti kumangowonjezera kutentha ndi kudumpha kwa poyamba.

Ngati boost imabwera bwino mu giya yoyamba koma mukasintha galimoto imachita ulesi, kabowo ka pa controller kaja katsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi oyilo, actuator yatsala ndi mpweya, chitseko chili chitsegukire. Masulani controller, tsukani ndi petulo, pisani kabowoko ndi kawaya kopyapyala osakakulitsa. Ngati mukumanga bawuti koma palibe chikusintha, mwina kamchenga kakhala pansi pa kampira, kapena mpweya ukuthawira pa mapaipi aakulu. Tsekani polowera pa turbo ndi chitsekero cha paipi ya PVC chokhala ndi valavu ya tayala, zulani paipi ya breather, yopumira injini, pompani kufika 0.5 bar, thirani madzi a sopo pa molumikizira monse. Pamene pakuchita thovu mpomwepo. Ma rpm akamathamanga liwiro osawonjezeka, ndi kilatchi. Pa automatic, oyilo wa giya akamanunkha kupserera, boost yaposa chimene giyabokosi ingapirire.

Za dizilo

Magalimoto ambiri a turbo kuno ndi a dizilo, ndipo nkhani yake imasiyana. Mphamvu ya dizilo imachokera ku mafuta. Mukawonjezera mpweya wokha, phindu lenileni ndi utsi wakuda kuchepa ndi ekizozi kuzizirirapo, zimene n'zabwino kwa galimoto yonyamula nsomba kapena mpunga pa zitunda. Pa pampu zakale zokhala ndi kachitini pamwamba kolandira boost, mafuta amawonjezekanso pang'ono okha. Ngozi imabwera munthu akapotokolanso bawuti ya mafuta pa pampu kuti amve kusintha. Dizilo sigogoda kukuchenjezani, imangotentha mwakachetechete mpaka mutu ung'aluke kapena pisitoni isungunuke, ndipo geji ya madzi imadziwa mochedwa. Pamafunika geji ya kutentha kwa utsi. Sensa yake ikakhala turbo isanafike, musakhalitse pamwamba pa madigiri 700. Ikakhala kuseri kwa turbo imawerenga mochepera, ndiye 550 ndi pochotsera phazi. Ma Surf ndi ma Pajero ena alibe intercooler, ndipo pa amenewo kuika intercooler kumapindulitsa kuposa kukweza boost.

Mukafika pamwamba pa chitunda kapena mukaima pa Chezi kugula ndiwo, musazimitse injini nthawi yomweyo. Ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo achotse kutentha mu turbo. Pa sevisi iliyonse kokani mapaipi a controller ndi dzanja, onani kadontho ka penti, uzirani kabowo. M'galimoto muzisunga chidutswa cha paipi cha masentimita 30 ndi ma cable tie awiri. Muvi ukayamba kuchita zachilendo pakati pa Benga ndi Nkhotakota, kumene makaniko ali kutali, dikirani injini izizire, zulani controller, lumikizani turbo ndi actuator molunjika ndi chidutswacho. Galimoto ibwerera pa boost ya sipuling'i ndipo mufika nayo kunyumba.